Anandimanga Chifukwa cha Mayi wa M'nkhani

Anagogoda m'mawa wa Lolemba, mvula ikuwaza, ine ndikusita malaya a kusukulu. Anali apolisi.

"Aphunzitsi, tiyeni mukangofotokoza pang'ono. Mubwera."

Sitiraka ya othyola tiyi pa esiteti inali itangotha kumene. Mlandu wanga unali kankhani kamene ndinalemba, ka mayi amene tiyi wake anamukanira pa sikelo. Anthu a m'nkhanimo ankalankhula monga timachitira kuno. Kapitawo ankakalipa m'Chingerezi, mayiyo ankadandaula m'Chinyanja, koma zitamufika pamtima analira m'Chilomwe. Kalankhulidwe kameneka ndinatengera kwa amayi anga, amene anakalambira m'mizere ya tiyi. Wina anawerengera anzake nkhaniyo pa shedi yoyezera tiyi, anthu n'kulira, basi.

Amene ankandifunsa anali ochokera kutali, Chilomwe sankachimva. Analoza pamene mayiyo akulira.

"Apa mwabisapo chiyani?"

"Palibe, bwana. Akuitana mayi ake amene anamwalira."

"Bwanji osawaitana m'Chichewa?"

"Sakanamva, bwana."

Yankholo silinawasangalatse. Khutu langa lamanzere silimva mpaka lero.

Amayi anabwera wapansi kuchokera kwa Mphuka kudzandiona kumene ananditsekera, atamanga chinangwa chophika pa kansalu. Asanatsegule pakamwa, mlonda anati, "Gogo, zachilomwe muno ayi." Chibadwire changa anali asanandilankhulepo m'chinenero china. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Muli bwanji, aphunzitsi?" Ndinayankha kuti ndili bwino. Nthawi yoonana inatha. Sindinawaonenso, anamwalira ndili m'katimo, ndipo ndinamva maliro ataikidwa kale.

Kuzizira kutayamba, abwana ondifunsa aja anandipatsa pensulo kuti ndilembenso nkhaniyo m'Chichewa chokhachokha. Ndinalemba. Kapitawo ndi mayi uja anayamba kulankhula mofanana, ngati anthu a m'buku la kusukulu, osadziwikanso wopondereza ndi woponderezedwa. Abwanawo anawerenga, n'kuyasamula.

"Ndiye zimenezi n'zomwe anthu ankalirira? Palibe nkhani apa. Pitani, koma muzilemba zomveka."

Kukhoti sanandipititse. Ndinatuluka Lachisanu masana, n'kuyenda pang'onopang'ono mpaka pa Makwasa, tiyi ali biriwiri mbali zonse, anthu ali weramu ndi madengu kumsana.

Ufulu umene anandibwezera ndi wa miyendo. Ndimapita kumene ndafuna, ndimaphunzitsa, nkhani ndimalembabe. Koma munthu wa m'nkhani akafika poti alire, dzanja langa limayamba laima kaye, ine n'kumamvetsera ngati panja pali nsapato.