Wosambitsa Bambo Anga

Ndinasankha kupita ku Cape Town chifukwa ntchito imene ndinkaidziwa inalibe woifuna ku Lilongwe, ndipo lero, nditabwerako, bambo anga akukana kuti ndiwasambitse.

Ndinayamba ngati mtolankhani. Tsamba la pa intaneti la nyuzipepala yathu linkagwa kawirikawiri, ndipo ankakankhira ine kuti ndikalidzutse. Ndinaphunzirira pomwepo. Kampani ina yolemba mapulogalamu itandiitana, bambo, amene anali atapuma ntchito m'boma, anangofunsa ngati kumeneko kuli mpingo wathu. Ndinati ulipo. Anandiperekeza kokwerera basi ku Old Town atavala tayi.

Kampaniyo ilibe makompyuta akeake oyesera mapulogalamu. Imabwereka pa intaneti, kumene a ntchitoyi amati ku kilaudi, ndipo imalipira nthawi yokhayo imene makina ayaka. Makinawo sagwirika, ndi zigawo za makompyuta aakulu amene ali kutali. Pakati pa ife ndi obwereketsawo pali kapulogalamu kowonjezera kotchedwa pulagini. Ntchito zikachuluka pamzere, pulagini imaumba makina atsopano kuchokera m'chikombole chimodzi, ngati njerwa. Ntchito zikatha, imawafufuta. Ine ndinkaika malamulo ake: gulu lililonse likhale ndi makina angati odikirira, lisapitirire angati, makina akhale nthawi yaitali bwanji osagwira ntchito asanachotsedwe. Makina akadwala sitinkawachiza. Tinkawafufuta, n'kubwera ena ofanana nawo ndendende.

Zikamayenda bwino, palibe ankandifuna. Anzanga ankagwirira kunyumba zawo, ndipo ndinkawadziwa ndi tizithunzi ta pa sikirini. Sabata inkatha ndisanalankhule ndi munthu maso ndi maso kupatula wogulitsa buledi. Kutchalitchi ndinapita kangapo, kenaka ndinasiya, chifukwa Lamulungu ndi limene tinkakonza chikombole anthu ena akupuma. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi osaphonya. Bambo ankayankha ndi uthenga womwewomwewo: zafika, Mulungu akudalitse.

Chaka chatha bambo anachita sitiroko, mbali yonse ya kumanja n'kufa ziwalo. Amayi anamwalira kalekale. Mlongo wanga Tamala, amene amagwira ntchito ku City Centre, anasamukira kunyumba kwawo ku Area 47. Anandiuza kuti vuto silinali chakudya kapena mankhwala, koma kusamba. Mwana wamkazi sangasambitse bambo ake, ndipo mwana wamwamuna ndine ndekha.

Ndinachita zimene ndinkazidziwa. Ndinapeza amuna angapo odziwa kusamalira odwala, ndinawaika pa gulu limodzi la pa foni kuti azisinthana, wina akalephera wina alowe. Ndinazikonza masana amodzi ndikudya. Bambo anawabweza onse. Aliyense akalowa, ankagwira malaya pakhosi ndi dzanja lamoyolo, n'kuyang'ana kukhoma.

"Achimwene, adada si makina anu a pa intaneti ayi," anatero Tamala pa foni. "Munthu sangavulire nkhope yatsopano m'mawa uliwonse."

Ndinapempha mabwana anga kuti ndizigwirira ntchito ku Lilongwe. Panapita miyezi asanavomere, ndipo anavomera mondiyesa, bola magetsi ndi netiweki zisamandijombetse. Nthawi yonseyo Tamala ankangoti a Gondwe akuthandiza. Ine ndinkayesa amanena za mapemphero.

A Gondwe amakhala tsidya la msewu wathu. Ndi mphunzitsi wopuma, wausinkhu wa bambo, ndipo chiyambire ndili mwana awiriwa ankatsutsana pa chilichonse cha mumpingo, ngakhale mtundu wa penti wa mabenchi. M'mawa woyamba nditafika ndinawaona akulowa pageti, thaulo lili paphewa. Anandipatsa moni mwachidule n'kulunjika kuchipinda. Ndinaima m'kolido.

"Kwezani mkono, a Mhango, musandithyole msana," a Gondwe anauza bambo.

Bambo anayankha mochedwa, lilime likulemera. "Madziwa mwaziziritsa dala."

"Mukanene ku seshoni, kwa akulu a mpingo."

Ndinamva bambo akuseka. Kwa ine anali asanasekepo chifikire.

Tsiku lotsatira ndinadzuka msanga, ndinatenthetsa madzi, ndinalowa ndi beseni a Gondwe asanabwere. Bambo anandiyang'ana, dzanja n'kupita pakhosi pa malaya.

"Ika pansi, Chawa," anatero. "Ndiwe mlendo. Alendo sagwira ntchito."

Sanalankhule mwaukali. Analankhula monga amalankhulira ndi alendo onse obwera pakhomo pawo, mwaulemu. Ndinatuluka, beseni ndinalisiya pomwepo.

A Gondwe anandipeza pakhonde. Anati nawonso bambo sanawalole kuwasambitsa tsiku loyamba. Poyamba ankangobwera kudzakhala, kuwawerengera nyuzipepala ndi kutsutsana nawo pa zimene awerengazo. Kenaka anayamba kuwapukuta kumaso, kenaka mapazi. Anandiuzanso zimene Tamala anandibisira: mawondo awo atha, ndipo mwana wawo wamkazi akubwera kudzawatenga kuti azikakhala ku Mzuzu mvula isanayambe.

Ndinkaganiza kuti malo anga m'nyumba ino akundidikira chifukwa ndine mwana wobadwa, ndiponso chifukwa sindinaphonye kutumiza. Ndapeza kuti kuno munthu amamuwerengera pafupi chifukwa chokhala pampando womwewo masiku ambiri, ngakhale akhale wotsutsana naye.

Tsono ofesi yanga ndaisamutsira kuchipinda cha bambo. Ndimakhala pafupi ndi zenera, laputopu ili pamiyendo, n'kumaona makina akubwera ndi kuchoka. Magetsi akazima ndimalumikiza ku foni. Dzulo bambo anafunsa kuti ndikuyang'ana chiyani. Nditawafotokozera, anati ndi ntchito yachilendo yoweta zinthu zimene sunazionepo, ndipo tinatsutsanapo pang'ono.

A Gondwe ati mawa ndilowa nawo. Sindigwira sopo kapena madzi. Ndiima kumbuyo kwa mpando ndi thaulo, ndipo bambo akagwira malaya pakhosi, ndituluka n'kudzayesanso mkuja.