Madzi a Shire a Mumtsuko wa Aneba

Ndikuuzeni, aneba anga ogulitsa nsomba zouma kuno ku Nsanje sagonja. Mawu awo ndi amodzi: "Kolera sadzalowa pakhomo pano ine ndili moyo!"

Vuto ndi amuna awo, msodzi wa ku Nyachikadza. Madzi a pampopi amawakana, ati amanunkha klorini ngati chipatala, bola a mumtsinje. Ndiye mayiwa amatunga pampopi pomwepo, nkuthira mumtsuko, nkuvundikira ndi kansalu koyera mpaka mawa lake. Fungo limatha lokha.

Tsiku lina bambowo anagugudiza chikho chonse ine ndili pomwepo. "Mwaona, achimwene? Awa ndiye madzi a Shire enieni!"

Nditangoti ndiyankhule, mayiwo anandiponda phazi. "Imwani enanso, bambo a Esinala," anawauza amuna awo.

Wofuna kukaulula ayambe wathana ndi ine!