Makutu a Tokuji, Manja a Fusae

Mayi Fusae Hamaguchi anagwira sipanala koyamba ali kale ndi zidzukulu. Moyo wawo wonse anali mlimi wa manachesi m'mapiri a ku Ehime, ndipo za galimoto ankangozisiyira amuna awo, a Tokuji. Galimotoyo inali kalole kakale ka matayala atatu, ka injini yosafuna madzi, yongozizira ndi mphepo. Kanali kokhako kamene kankakwana m'tinjira topapatiza ta m'munda mwawo.

Maso a Tokuji atayamba kuchita khungu, chiwongolero chinapita kwa mayi, sipanala n'kutsatira. Bambowo ankakhala pa bokosi la manachesi n'kumalangiza, mayi n'kumamasula, uku akukangana mpaka oyandikana nawo anazolowera.

Chaka china, kukolola kutangoyamba, kalole kanayamba misala. Kakaima, m'malo molira pang'onopang'ono, injini inkakuwa ngati wina waponda moto mpaka pansi. Giya inkalowa mokukuta, ndipo potsetsereka kankafuna kuthamanga kokha, mabuleki n'kumanunkha. Injini yotere ikamakuwa galimoto ili chiimire imatentha msanga. Mwana wawo wa ku Osaka anati pa foni akataye kachitsuloko agule ina, ndipo mawu amenewa ndi amene anawayabwa a Fusae. M'mawa mwake anavala epuloni n'kukokera amuna awo kushedi.

Anayamba ndi chingwe chochokera ku chopondera moto, poganiza kuti chamangika. Anachimasula, kuchithira mafuta, koma injini inakuwabe. Anaona choko yochepetsera mpweya wolowa mu injini ngati yatsekeka, anapeza ili bwinobwino. Kenako anapotokola kasikuluwu kochepetsera liwiro ka pa kabuleta, chipangizo chosakaniza mafuta ndi mpweya, mpaka kanatsala pang'ono kugwa, phokoso osasintha.

"Mwapotokolera kolakwika inu," anatero a Tokuji.

"Mwaonera chiyani, bambo? Dzulo lomweli mwapereka moni kwa mtengo wa magetsi."

A Tokuji anaseka mpaka kutsokomola. Atapuma anati ngati sikuluwu yalephera, ndiye kuti injini ikuba mpweya penapake, pamalo pomwe sipayenera kulowa kanthu. Vuto linali kupapeza, chifukwa mng'alu wake ukhoza kuchepa ngati tsitsi. Apa nzeru inawabwerera a Fusae. Anadula paipi yothirira mbewu, mbali ina n'kuwaika amuna awo kukhutu, mbali ina n'kuigwira okha. Analiza injini n'kuyamba kuyendetsa kukamwa kwa paipiyo pang'onopang'ono, kuzungulira kabuleta, kutsika, kubwereranso. Kutentha kunkawawamba dzanja.

A Tokuji anakhala atatsinzina, nkhope ili gwa. Mwadzidzidzi anakweza chala.

"Bwererani pang'ono. Apo! Pakulira ngati njoka."

Panali pansi pa kabuleta, pomwe imakhalira pa paipi yolowera mu injini. A Fusae anapakapo girisi ndi chala, ndipo pomwepo injini inatsitsa mawu, kenako girisi atayamwidwa inakuwanso. Mayiwo analumpha, kuiwala bondo lawo lovuta, n'kumenya mutu ku denga la kalole. Sanamve n'kupweteka komwe.

Atachotsa kabuleta anapeza gasiketi yotseka mpata wa pansi pake yauma ngati tsamba, yang'ambika mbali imodzi. Yatsopano ya injini yakale chonchi sakanaipeza m'tauni mwawo, koma a Tokuji anakumbukira kuti m'kabati munali pepala lolimba lodulira magasiketi. A Fusae, amene ankasoka okha zovala za ana awo onse, analemberera yakaleyo papepala n'kudula ndi lumo losokera. Amuna awo anaipapasa m'mphepete monse ndi zala n'kunena kuti iwo pa unyamata wawo akanadula yoposa pamenepo. Mayi anangowatsina pamkono.

Anamanga zonse, kubweza sikuluwu ija m'malo mwake, n'kuliza. Injini inatsokomola, inagwedezeka, kenako inakhazikika: du-du-du-du, mofatsa, mpaka mawu a munthu ankamveka popanda kukuwa. Awiriwo anaimvetsera. A Fusae anaimbira mwana wawo uja, osapereka n'moni yemwe, n'kuika foni pafupi ndi injini kuti adzimvere yekha.

Masana omwewo anapakira mabokosi n'kutsika nawo phiri, a Tokuji ali pambali atagwira chipewa, mayi akuliza hutala pa nyumba iliyonse ngakhale msewu unali wopanda munthu. Kumalo osankhira zipatso anafotokozera aliyense nkhani ya paipi ija, ena mpaka kawiri. Sabata isanathe, mlimi wa kutsidya anabwera ndi makina ake opopera mankhwala amene ankavuta kulira, ndipo a Fusae anamuuza kuti awasiye pakhomo, awaona akamaliza kukolola.