Akufuna chithunzi chako, Tadala

Tadala mng'ono wanga, lero zakwana zaka ziwiri chimwalirire iwe, ndipo amayi a kubungwe aja andiimbira foni. Akuti akufuna chithunzi chako, akachipachike pamsonkhano wa atsikana amene anagulitsidwa ku Joni ngati iweyo. Chikondi chadzidzidzichi chachokera kuti?

Ndakumbukira tsiku lija pakhonde pathu ku Bangwe, ukundiluka tsitsi, iwo akukuphunzitsa zokalankhula pagulu. Anati, "Ukafika pa pasipoti imene anakulanda ija, ulire, alendo amve chisoni." Unandikoka tsitsi n'kundinong'oneza, "Achemwali, misozi ndi mpopi kodi?" Tinaseka. Koma mawa lake unaliradi, anthu anaomba m'manja, ndipo sabata yonse chakudya chinakukanika.

Ndawauza kuti chithunzicho adzachitengere pamanda pako. Andifunsa kuti unaikidwa kuti.