Mizere ya Madamu Mwanaisha

Anzanga, mu 1997 ndinali wotaipa pa sekondale ina kufupi ndi Benga. Ofesi yanga inali kachipinda ka zenera limodzi, loyang'ana kumunda wa chinangwa. Tsiku lina m'mawa munalowa mphunzitsi watsopano wa Chingerezi, mpango wobiriwira kumutu, zala zili mbuu ndi choko.

"Ndinu a Yoramu? Ine Mwanaisha. Mwandiphera mayeso anga."

"Ndapha bwanji, Madamu?"

"Mizere yanga mwaisiya kuti?"

Ndinayang'ana pepala lake lolemba pamanja. Zoonadi, mawu ena anali ndi mzere kunsi. Ine ndinkayesa zokongoletsa chabe.

Anakhala pa katoni ya mapepala n'kuyamba kundiphunzitsa ngati mwana wa Fomu 1. Akuti m'mabuku osindikizidwa a Chingerezi, dzina la buku amalilemba ndi zilembo zopendama, zotchedwa italics. Mawu ochokera m'chinenero china, chimodzimodzi. Koma taipilaita siitha kupendeketsa zilembo, ndiye timangodula mzere kunsi.

"Nanga kondowole mwamudulira mzereyu walakwa chiyani?"

"Ndi mlendo."

"Kondowole mlendo ku Nkhotakota?"

"Mu Chingerezi ndi mlendo, a Yoramu. Mlendo timamuyalira mkeka."

Ndinaseka mpaka misozi. Iye osaseka, amangondiyang'ana m'mbali mwa diso...

Achinyamata a makompyuta simungazimvetse. Kudula mzere pa taipilaita inali ntchito: kubweza makina kumbuyo, kenako kumenya kabatani kamodzi, chilembo ndi chilembo. Ta-ta-ta-ta!

"Ndikamva ta-ta-ta ndili mu sitafu rumu," anandiuza tsiku lina, "ndimadziwa kuti mukugwira zanga."

Kuyambira pamenepo ndinkamenya mokweza dala.

Anayamba kundibweretsera tiyi wa tangawizi mufulasiki. Loweruka ndinkamukweza panjinga mpaka ku Chia, kukagula nsomba pamlatho. Ndikukumbukira m'mawa wina wa mwera, iye ali kumbuyo kwanga, akundikoka malaya.

"Taimani! Onani bangolo. Lonse lili mu italics!"

Bango linali litapendamira mbali imodzi, dambo lonse. Tinaima pamenepo nthawi yaitali, tikuwerenga tsamba limene panalibe analilemba.

Pofika Juni ndinali nditauza kale amalume anga ku Dwangwa kuti ndapeza mbeta. Mwanaisha anati, "Ababa akakufunsani mafunso ambiri, za mpingo wanu, za kwanu kumpoto. Musakanjenjemere. Mukangonena zoona basi."

Zoona... anzanga, pamenepo ndi pamene ndinagwera.

Mayeso oyeserera a Fomu 4 tinkataipa pa sitensulo, kapepala kofewa kamene zilembo zimaboola kuti inki izidutsa tikamapukusa makina. Wotaipa aliyense ankadziwa lamulo lake: pa sitensulo mzere umadula mopepuka, ngati ukusisita khanda. Ukamenya kwambiri, sitensulo imang'ambika.

Ine ndinamenya kwambiri. Ndinkafuna amve.

Nditayamba kupukusa, sitensulo inatseguka m'mizere monse. Inki inasefukira n'kumeza dzina la buku lililonse. Ndinathamangira m'kabati: masitensulo atha. Mantha anandigwira. Ndinapukusa mapepala onse 120 momwemo, n'kuwatsekera mu envelopu.

Lamulo linali loti mphunzitsi aone mapepala, asainire. Mwanaisha anabwera mothamanga, belu likulira.

"Zili bwino?"

"Zili bwino, Madamu."

"Ndiye ndivutikirenji? Ntchito yanu ndimaidziwa." Anasainira osatsegula.

Tsiku la mayeso ana anakweza manja kalasi yonse. Mafunso analipo, koma palibe ankadziwa kuti akufunsa za buku liti. Mayeso anaimitsidwa. Ahedi anatiitana tonse awiri, pamaso pa aphunzitsi onse.

"Yoramu, mapepala amenewa Madamu anawaona?"

Ndinali waganyu chabe, kalata ya ntchito inali isanabwere. Ndinayang'ana simenti.

"Anasainira, bwana."

Mawu awiri okha. Sanali bodza, koma sanalinso zoona zimene iye ankanena zija.

Mwanaisha sanandiulule. Analandira kalata yomuchenjeza, anaipinda bwinobwino n'kuika m'chikwama. Potuluka anaima pakhomo la kachipinda kanga.

"Mukanangondiuza, a Yoramu. Tikanalemba pabolodi. Choko chinalipo."

Teremu yotsatira anapempha kusamutsidwa. Ndinamva kuti ali ku Kanyenda, kenako kuti anakwatiwa. Inenso ndinakwatira, ndinalera ana, ndinaika maliro a mkazi wanga. Lero ndili ndi kashopu kotaipa ndi kusindikiza paboma. Zilembo zimapendama ndikangodina kabatani kamodzi, palibe chong'ambika. Koma chala changa chimazengerezabe.

Mwezi watha mushopu munalowa bambo wina kudzajambulitsa chiphaso. Ndinawerenga dzina: Abdallah Useni.

"Pepani achimwene, a Mwanaisha Useni ndi abale anu?"

"Ndi achemwali anga. Anapuma ntchito, ali ku Chia, akulima mpunga. Amuna awo anatisiya kalekale."

Anandipatsa nambala. Ndinakhala nayo sabata ziwiri m'thumba la malaya. Kenako ndinalemba zonse, kuyambira sitensulo mpaka envelopu, osadzikhululukira pena paliponse. Ndinatumiza uthengawo pafoni.

Timizere tiwiri tinasanduka tabuluu. Anawerenga. Zii... tsiku loyamba, lachiwiri, lachisanu ndi chinayi.

Lero m'mawa, ndikutsegula shopu, foni inalira.

"A Yoramu?"

Mawu omwe aja, atangolemerako pang'ono. Ndinakhala pansi pakhonde, loko ali m'manja.

"Madamu..."

"Kalata yanu ndawerenga katatu. Kulemba mumatha. Koma kupepesa kwa pafoni ine sindilandira. Bwerani Loweruka, folo koloko isanakwane, mudzatsike pa Chia mudzafunse kunyumba kwa aphunzitsi. Mudzanene ndi pakamwa, mukundiyang'ana."

"Ndibwera."

"Ndipo musadzathamange kubwerera. Zaka zonsezi inenso ndili ndi zanga zoti ndinene."

Anzanga, lero ndi Lachitatu. Kwatsala masiku atatu.