Yisiti wanjala ndi dzina la mkazi wanga

Mkazi wanga ndi wamakani, ndipo ndikunena izi monyadira. Wagwira ntchito zaka makumi awiri ndi ziwiri mu labotale ya pakoleji, m'kachipinda kopanda windo, maso ali pa maikulosikopu. Digiri alibe. Anayamba ndi kutsuka mabotolo, kenako kukonza chakudya cha yisiti, mpaka anamupatsa kiyi wa chipinda chojambulira. Ine ndine kalipentala, koma za yisiti ndazimva patebulo mpaka ndikhoza kulemba mayeso.

Mkazi wanga amati m'selo la yisiti, kanthu kamoyo kosaoneka ndi maso, muli timatumba tonyamula katundu. Kathumba kakafika komwe kakupita, khungu lake liyenera kulumikizana ndi khungu la pamalopo kuti katunduyo atuluke, ndipo pali mapuloteni ogwira ntchito yolumikizayo, ngati mano a zipi. Ntchito ya mkazi wanga inali kuona pomwe puloteni imodzi yotere imakhala. Ankaimata chinthu chowala mobiriwira, n'kuzimitsa magetsi, n'kuyang'ana. Nthawi zonse ankaipeza kunsonga kwa kamphukira, pomwe selo latsopano likumera.

Bwana wake ndi pulofesa wokonda misonkhano kuposa ntchito ya manja. Tsiku lina anati ajambule yekha. Anaika yisiti pakagalasi, foni n'kulira, munthu uyo kumsonkhano. Pobwera patatha maola atatu, anapeza kuwala kuja kuli m'chithumba chachikulu chapakati pa selo. Anatuluka mano onse ali pamtunda, ati watulukira malo atsopano a puloteniyo.

Mkazi wanga anasuzumira kamodzi kokha. "Yisiti wanu anali ndi njala, bwana," anatero. "Mukamusiya pagalasi osadya, amatola zake zomwe n'kuziponya m'chithumbacho kuti azigaye. Apa mwajambula dzala la zinyalala."

Pulofesa sanakalipe, ndi wochenjera. Ankadziwa pomwe pamamupweteka mkazi wanga. Ophunzira onse amene mkazi wangayo anawaphunzitsa kugwira kagalasi, mayina awo anatuluka m'magazini a sayansi, koma lake silinatulukepo n'kamodzi komwe. Ankalakalaka zimenezi kuposa china chilichonse, ngakhale sankanena.

"Mayi, ndijambulireni zithunzi zisanu zokongola ngati changachi," anatero pulofesa. "Dzina lanu likhala lachiwiri, pambuyo pa langa."

Atandifotokozera kunyumba, ine ndinati avomere. Ndimachita nazo manyazi mpaka lero. "Amayi a ana, adziwe ndani?" ndinamufunsa.

"Ndidziwa ine. Inu mungagulitse tebulo la matabwa osauma?"

Tsoka lake, ine ndinagulitsapo.

Mlungu wonse mkazi wanga anajambula. Yisiti wokhuta, kuwala kunsonga. Yisiti yemweyo akamukhalitsa ndi njala, kuwala m'chithumba. Anajambula maselo mazana anayi, chithunzi chilichonse n'kuchilemba nthawi yake, ndipo mafayilo onse awiri anakawaika patebulo la pulofesa.

Pulofesa sanatsegule n'komwe. "Mayi, ntchito yanu ndi kudina batani. Kuganiza mutisiyire ife."

"Batani ndadina, zotsatira zake ndi izo. Mukatumiza zanjalazo zokha, dzina langa musalilembe pamenepo. Sindinalitole pamsewu."

Mawa lake anamulanda kiyi uja n'kumubwezera kusinki. Mayi wa imvi, wodziwa makina amenewo kuposa onse m'nyumbamo, wavala magolovesi akutsuka mabotolo a ana amene anawaphunzitsa yekha. Ndinapsa mtima koopsa, ndinafuna kupitako ndi hamala. Iye anandiletsa, ati ndingathyole chitseko chabwinobwino chopanda mlandu. Sanapemphe kusamutsidwa, sanadwale dala. Wophunzira aliyense wobwera ndi mabotolo ankamuuza mokweza, pulofesa akumva, kuti yisiti amujambule asanamve njala.

Nkhani ya pulofesa ija inatuluka m'magazini patatha miyezi isanu ndi itatu, ili ndi mayina anayi, la mkazi wanga mulibe. Iye anabwera nayo kunyumba, n'kuiwerenga yonse ataima pakhomo la shedi yanga. Misozi inalengeza, koma sinagwe. Kenako anaona felemu kuseri kwa matabwa. Ndinaipanga mobisa tsiku lija ndinamuuza kuti avomere, yoti tidzaikemo tsamba la dzina lake.

"Ndiithyola, ikhale nkhuni," ndinatero.

"Mwapenga? Bweretsani kuno."

Anatulutsa m'chikwama chithunzi chake chimodzi, selo lokhuta, kadontho kobiriwira kali kunsonga. Anatenga pensulo yomwe inali pakhutu langa n'kulemba dzina lake m'munsi, lonse lathunthu, modinikiza mpaka nsonga inathyoka.

"Khomani pabalaza," anatero. "Moyang'anana ndi khomo."