Mbama ya pa Khutu la Tisa

Inu owerenga, mayeso a Chingerezi a giredi naini ndinakhoza bwino kwambiri, koma sindiwanyadira. Pokonzekera mayeso amenewo ndinagonthetsa khutu la mnzanga ndi dzanja langali. Ndikulemba izi kuti zimene zinatichitikira ife zisachitikire mwana wanu.

Makolo anga anamwalira ndili wamng'ono, ndipo anandilera ndi ambuya, mayi a mayi anga, ku Kanakantapa. Ndinali mtsikana wosayankhulayankhula. Ndinkangoona zinthu n'kusunga mumtima. Mnzanga anali mmodzi yekha, Tisa, mwana wa pamunda woyandikana ndi wathu. Tisa anali ndi pakamwa pa anthu awiri. Anyamata akanditcha kamasiye, ndi iye amene ankawayankha mpaka athawe. Koma kuwerenga kunkamuvuta. Ankayendetsa chala pansi pa liwu lililonse, ndipo akafika kumapeto kwa ndime, chiyambi anali atachiiwala.

Mayeso atayandikira, makolo ambiri anatitumiza kwa bambo wina amene ankaphunzitsa Chingerezi masana mushedi yake ya chimanga. Sanali mphunzitsi wa boma, koma tonse tinkamutcha Ba Ticha. Tinkakhala pa matumba, iye n'kutigawira mapepala a mayeso akale. Tsiku lina galamala, tsiku lina matanthauzo a mawu, ndipo Lachisanu tinkawerenga ndime mokweza n'kuyankha mafunso ake.

Ba Ticha anali ndi lamulo lake. Akafunsa funso, aliyense wolephera ankaimirira. Amene wakhoza ankayenda pamzere n'kumenya mbama onse oimirirawo. Makolo ankadziwa ndipo ankagwirizana nazo. Ambuya anga popita nane anamuuza pamaso panga kuti, "Uyu ni wanu. Chizungu sichingena m'mutu chabe, mumenyeni." Choncho ndinalibe kokadandaula.

Amene ankakhoza kawirikawiri ndinali ine. Poyamba ndinkamenya monyinyirika. Koma ndisakunamizeni, inu owerenga, patapita masabata ndinayamba kuzikonda. Anyamata aja onditcha kamasiye ankaima pamaso panga manja ali kumbuyo, atatchera tsaya. Ndinayamba kuloweza mawu atsopano popita kudimba, potunga madzi, ngakhale m'tchalitchi, osatinso chifukwa cha mayeso koma kuti ndikamenye munthu. Tisa yekha ndinkamupulumutsa. Likafika funso limene ndaona kuti alilephera, inenso ndinkalakwitsa dala, n'kuima pambali pake kuti atimenyere limodzi.

Panali chinthu china chimene ndinkadziwa ndekha. Khutu la kumanzere la Tisa linkatuluka mafinya kuyambira nthawi ya dzinja. Ankaikamo thonje n'kuphimba ndi duku, chifukwa ankachita manyazi ndi fungo.

Lachisanu lina tinawerenga ndime yonena za anthu okumba mgodi. Ba Ticha anafunsa chifukwa chimene mkulu wa okumbawo anabwerera pansi. Anyamata awiri analephera. Tisa anayendetsa chala chake papepala, anatchula yankho lolakwika n'kuimirira. Ine ndinayamba kuyankha mokhotetsa monga mwa masiku onse, koma Ba Ticha anali atandizindikira kale. Ananena kuti ndikanama, andichotsa m'kalasi lake ndipo akawauza yekha ambuya. Ndinapereka yankho lolondola.

Anyamata aja ndinawamenya. Nditafika pa Tisa ndinangomukhudza tsaya ngati ndikumuchotsa ntchentche.

"Iwe, ndiye kumenya uko? Bwera nikuonetse," anatero Ba Ticha.

Mbama yake inandigwetsera pa matumba. Ndinaluma lilime, m'kamwa munadzaza magazi, ndipo kalasi lonse linaseka. Anandidzutsa ndi kolala ya yunifolomu n'kundiimikanso pamaso pa Tisa, nanena kuti phokoso likapanda kumveka andionetsanso kachiwiri.

Apa ndi pamene ndimadziimba mlandu mpaka lero. Ndikanangonena kuti khutu lake n'lodwala, mwina akanatisiya. Ndikanamenya ndi dzanja lamanzere, likanagwa tsaya linalo. Zonsezi ndinkazidziwa. Koma ndinali nditapsa mtima chifukwa cha kuseka kuja, ndipo ndinakhala chete monga mwa chizolowezi changa. Tisa anandinong'oneza kuti, "Menya chabe, mwana, tichoke apa." Ndinakoka dzanja lamanja ndi mphamvu zanga zonse, ndipo chikhatho chinagwa pa duku, pa khutu penipeni.

Tisa sanalire nthawi yomweyo. Anakhala pansi pang'onopang'ono atatsegula kukamwa, kenako anakuwa kukuwa kumene sindinakumveponso kwa munthu. Magazi osakanizika ndi mafinya anatsikira m'khosi mpaka pa kolala. Ba Ticha anatibalalitsa. Mawa lake anakwera minibasi ya ku Lusaka, ndipo sanaonekenso mpaka nkhani itazizira.

Kuchipatala anati mkati mwa khutu mwang'ambika, ndipo chifukwa cha matenda aja silidzamvanso. Patapita masiku ochepa, mlongo wake wa Tisa, Mabvuto, anandipeza ndikuchokera kudimba. Anali ndi mpini wa khasu. Sanafunse kanthu. Anandimenya kumsana ndi m'miyendo mpaka ndinagwa, kenako anaponda dzanja langa lamanja n'kulimenya ndi mpiniwo. Ndinamva zala ziwiri zikuthyoka. Ankangobwereza kuti, "Ni ili dzanja la Chizungu? Ni ili?" Amene anandilanditsa ndi amayi ena ochokera kuchigayo.

Ambuya anandisambitsa mabala. Atamaliza anakhala pakhomo n'kunena kuti, "Nine ninamuuza kuti amenye." Sindinawaonepo akulira kufikira tsikulo.

Mayeso ndinalemba nditagwira cholembera ndi zala zitatu. Ndinakhoza, ndinapitiriza sukulu. Tisa sanalembe. Ankamva chizungulire ndi mutu kwa miyezi yambiri, ndipo atapeza bwino sanafunenso kuona pepala la Chingerezi.

Lero Tisa amagulitsa tomato ndi repu pamsika wa Chongwe. Ndikapita ndimagula kwa iye, ndipo samandibweza. Amandiwonjezera mbasela, amafunsa za ana anga, amaseka ngati kale. Koma ndikayamba kuyankhula, amatembenuza mutu kuti andipatse khutu lakumanja. Amatero osaganiza, ndipo nthawi iliyonse ndimasowa poyang'ana.

Inu makolo, musamangofunsa ngati mwana akukhoza. Mufunseni zimene zimachitika kumene mwamutumiza, makamaka mwana wachete ngati ine, chifukwa sadzakuuzani yekha. Musamuuze munthu aliyense kuti mwana wanu amumenye kuti aphunzire. Inu ophunzitsa, musasandutse mwana kukhala chikwapu cha anzake. Galamala imalowa ndi kuwerenga, kulakwitsa ndi kukonzedwa, osati ndi mbama.

Ndipo iwe mwana amene ukukonzekera mayeso, wina akakuuza kuti umenye mnzako chifukwa walephera funso, ika pepalalo pansi utuluke. Mayeso amabweranso chaka chamawa. Ine ndinasankha kukhalabe mushedi muja, ndipo khutu la Tisa silinabwerenso.